Msewu Umene Amuna Anga Anakonzera Kagalimoto

Amuna anga anali motorista wopanda galimoto. Nkhondo isanafike kwathu ku Angoniya ankayendetsa kamyawo, lole yaikulu ya mzungu wina wogula kachewere ku Domwe, ndipo mzunguyo atabwerera kwawo anapitiriza kuyendetsa kamyawo yomweyo ili m'manja mwa ena. Tsiku limene inawotchedwa pa msewu wa ku Tete iwo anali chigonere kunyumba ndi malungo, moti amene anapsera momwemo ndi mnzawo amene anawagwirira ulendo. Ine ndinathokoza Mulungu mpaka ndinakapereka nkhuku ku tchalitchi. Iwo sanathokoze kwenikweni. Malungo anachira, koma kuyambira pamenepo manja awo ankasowa pokhala.

Kulima ankalima, monga amachitira mkamwini aliyense pamudzi pa akazi ake, koma mizere yawo inali yomvetsa chisoni. Alongo anga, amene anali mwini mbumba yathu, ankati khasu likawaona alamu awo limayamba kulira lokha. Amuna anga ankaseka nawo, chifukwa sanali munthu wa ndewu. Wa pakamwa polasa m'nyumba mwathu ndinali ine, ndipo mpaka pano sindinasinthe.

Mudzi wathu unali pamwamba pa chitunda, ndipo kamsewu kathu kankapatuka pa msewu waukulu, n'kuwoloka mtsinje, n'kukwera mpaka pa tchalitchi chathu chaching'ono. Nkhondo itakula, akuluakulu anagwirizana kuti kamsewuko kafe. Ngolo isadutsepo, munthu asapondepo, ng'ombe zisayendemo. Popita kudimba kapena kumadzi aliyense ankadzera pake m'maudzu, lero apa mawa apo, kuti pasaoneke njira yolondolera mlendo kumudzi. Dzinja litapitapo kangapo, msewu unasowa mu tsekera ndi chisoso, ndipo anthu a mfuti ankadutsa kumunsi osadziwa kuti pamwamba pali nkhokwe. Midzi ya m'mbali mwa msewu waukulu inali itapsa kale. Ife tinali tidakalipo, tikudya mwamantha koma tikudya.

Nkhani ya timagalimoto inabwera ndi bambo wina wa njinga, amene ankazemba kupita ku Kalomwe, kumalire a Malawi, kukatenga mchere ndi sopo. Iyeyu ndiye anali wailesi yathu, popeza mabatire anali atatha kalekale. Tsiku lina anatsitsa thumba la mchere pakhonde la kantina, sitolo yakale imene inangotsala ndi mashelefu ndi makoswe, n'kunena kuti azungu achithandizo akutumiza timagalimoto ting'onoting'ono ku mamishoni. Tonyamula odwala ndi mankhwala, iye anatero, ndipo kamodzi kadzakhala cha ku mishoni ya Fonte Boa kuzungulira matchalitchi a m'midzi, lathu lomwe. Akufuna anthu okhala ndi karita, chiphaso choyendetsera, ndipo m'dera lathu lonse amene anali nacho anali amuna anga okha.

Nyumba yathu inali kuseri kwa kantinayo, choncho ndinkamva zonse ndikusinja. Abambo amene anali atasowa chokamba kupatula maliro anapeza nkhani yotafuna. Sanakanganepo zoti kagalimotoko kabweradi kapena ayi. Mkangano wawo unali woti kadzakhala kokankha kapena kokoka, ndiko kuti mphamvu ya injini idzapita ku matayala akumbuyo kapena akutsogolo.

Apulofesoli, mphunzitsi wa ana athu amene shikola yawo inali itatsekedwa, ankati kudziko la azungu karo zazing'ono zonse zatsopano ndi zokoka. "Injini ili kutsogolo, kulemera kuli kutsogolo, ndiye matayala akutsogolo ndiwo agwira nthaka. Ng'ombe mumamanga kuti, kutsogolo kwa ngolo kapena kumbuyo?"

"Apulofesoli, inu mwaiwerenga karo, ine ndayigona pansi," amuna anga ankayankha choncho, mawu ali pansipansi. "Ku Ulaya kulibe chitunda chathu chino. Karo ikayang'ana kumtunda, thupi lonse limakhalira kumbuyo. Yokoka ija imangopalasa ngati nkhuku, matope n'kumawaza kumwamba. Yokankha mukaikweza wodwala ndi omudwazika kumpando wakumbuyo, ndiye mwaipatsa mano. Ngati azunguwo afunsa munthu wodziwa dziko lino, atumiza yokankha."

Bambo wa njinga uja anali mbali yawo. "Njinga yangayi imakankha ndi lakumbuyo," iye ankatero akumenya chishalo, "ndipo sinandikanepo mtunda. Amene amakana ndi mawondo angawa."

Onse ankaseka, ndipo ndinene zoona, kuseka kwa amuna kunali kutasowa pamudzipo. Ulendo uliwonse wa ku Kalomwe unkabweretsa chatsopano. Poyamba tinali toyera, kenako tobiriwira. Tafika pa doko. Ayi, tadzera ku Malawi, tili ku Bulantaya tikudikira mapepala. Tili ndi zitseko ziwiri zokha. Timamwa gazolina pang'ono, botolo limodzi mufika nalo ku Domwe. Wina amene sanakwerepo ngakhale thirakitala ankalumbira kuti mlamu wa mnzake wakaona ndi maso, ndipo n'kokankha. Ine ndinkasinja ndi mkwiyo kumva akuluakulu a ndevu zawo akuwerengera madzi a mphutsi chonchi, ana akudya ndiwo zopanda mafuta.

Nthawi yomweyo mfuti zinayamba kumveka pafupi kuposa kale. Alongo anga anabwera kunyumba kwathu masana ena, anakhala pa mtondo wogwetsa, n'kunena kuti tikangokolola nyemba mbumba yonse iwoloke kupita ku Dedza. Midzi yoyandikana nafe inali itapita kale.

"Pitani bwino, alamu," amuna anga anatero. "Ine sindichoka. Karo ikafika ine ndili ku Dedza kufola pamzere wa ufa, aipereka kwa ndani? Aitana munthu wa ku Tete amene sadziwa pomwe pali dambo, aimiza tsiku loyamba."

Alongo anga atachoka ndinawalowa. "Inu bambo, mutu wanu ukuyenda? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ana awa ali pamphuno panu, karoyo ili m'kamwa mwa munthu wa mchere. Mwaiona? Wina waiona?"

"Mayi, simungamve," anandiyankha. "Inu mukagwira khasu ndinu munthu. Ine ndikagwira khasu ndine choseketsa cha mudzi wanu. Kumeneko ku Malawi ndikakhala ndani?"

Ndinawauza kuti akakhala wamoyo. Anangoyang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti kwa iwo yankho limenelo linali lochepa.

Patangopita masiku anatenga khasu, chikwanje ndi nsungwi, n'kutsika kumsewu wakufa uja. Maganizo awo anali oti kagalimoto kakang'ono mimba yake imakhala pafupi ndi nthaka, ndiye apadiri, ansembe a ku mishoni, akamva kuti kwathu kulibe msewu adzadutsa tchalitchi chathu, ndipo motorista wa kwathu adzamuiwala. Nsungwi ija anaidula molingana ndi m'lifupi mwa galimoto imene sanaionepo, ndipo ankaigoneka pamsewu kuti adziwe podzera matayala. Anatchetcha tsekera. Anapala linunda la pakati, lija limasiyidwa ndi ngolo, kuti lisadzakhule kunsi kwa galimoto. Pa mtsinje anayala miyala yaphanthiphanthi, akuinyamula paphewa umodziumodzi. Pachitunda anathira nsangalabwi m'mizere iwiri kuti matayala akumbuyo adzapeze poluma. Munthu amene mizere yake ya chimanga inkaseketsa ana anawongola msewu mokongola mpaka kuchititsa mantha.

Alongo anga anawatsatira komweko, ine ndili pambuyo. "Alamu, mkamwini asamakule mwendo. Msewu uwu tinaupha dala, ndipo inu munalipo. Mukutiitanira imfa pakhomo."

"Amfuti sayenda pamsewu, alamu, amayenda m'tchire," amuna anga anatero. "Msewu ndi wa karo. Tsiku limene mwana wanu adzadwale, mudzandithokoza."

Akuluakulu ena anawadzudzula, iwo ankangoti ndamva, m'mawa n'kutsikanso. Ena mwa abambo a pakhonde aja, ngakhale pagulu ankapukusa mitu, ankadutsa mozemba kukaona pamene ntchito yafika, mwina kuponyapo mwala umodzi. Nawonso ankafuna kuti chinachake chibwere kuchokera kumunsi chosakhala mfuti. Ine ndinkawatukwana amuna anga m'mawa, masana n'kuwapititsira mbatata yootcha kumtsinje. Ndinkawapeza ali thukuta lokhalokha akuimba nyimbo za ku tchalitchi, zimene anali atasiya chiwotchedwere kamyawo. Ndinkakhala pamwala n'kumawayang'ana, mtima ukuwawa, chifukwa munthu amene ndinakwatiwa naye anali atabwerera ndipo chomubweza chinali chinthu chopusa.

Dothi la kwathu n'lofiira. Msewu wopalidwa kumene pakati pa udzu wouma umaonekera kutali, ngakhale uli pamapiri a tsidya. Izi aliyense wa ife ankazidziwa, koma tinkaganiza kuti nyemba zipsa msanga.

Anabwera m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, nyemba zili pa mphasa. Anakwera ndi msewu womwewo, ali pamzere, osafulumira. Anali anthu a m'tchire, zovala zosiyanasiyana, ena opanda nsapato. Anatisonkhanitsa pabwalo la tchalitchi, amuna uku akazi uku. Mtsogoleri wawo sanakuwe. Anafunsa ngati munthu wofunsa njira.

"Msewu uwu mwakonzera ndani? Tiropa ya boma, asilikali anuwo, ikubwera liti?"

Maso a anthu anapita okha kwa amuna anga. Iwo sanadikire kulozedwa. Anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti msewu akonza ndi iwo okha, mudzi unawaletsa, ndipo si wa asilikali ayi.

"Nanga ndi wa ndani?"

"Ndi wa karo ya odwala, shefe. Yaing'ono. Ikubwera."

"Karo yanji?"

Apa ndi pamene pamandipweteka mpaka lero. Amuna anga anayamba kufotokoza. Anafotokoza za mimba yotsika, za linunda, za matayala akumbuyo ndi nsangalabwi, manja akuonetsa mmene galimoto imakhalira kumbuyo ikamakwera. Ankalankhula mwaulemu ndi mosamala, ngati kuti munthu wa mfutiyo akangomvetsa nkhani ya kukankha ndi kukoka ndiye kuti mlandu watha. Anyamata a mfuti anayamba kuseka. Mtsogoleri uja sanaseke. Anati dziko lino mulibe karo imene ikubwera kupatula yonyamula asilikali, ndipo munthu wokonzera msewu mdani wawo ndi mdani wawo.

Anatilamula tonse kutsika ndi makasu. Tsiku lonse tinakumba maenje odula msewu, akuya mpaka m'chiuno, kuyambira kumtsinje mpaka ku tchalitchi. Anthu a mfutiwo anauza amuna anga kuti azule okha miyala imene anayala pamadzi, ndipo anaizula, umodziumodzi, akuiponya kumadzi akuya. Sanayang'ane munthu. Pomaliza anthu aja anatsegula nkhokwe, anamanga mbuzi, anathira nyemba zathu m'matumba, n'kusankha owanyamulira. Anasankha amuna anga, bambo wa njinga uja, ndi ena angapo amphamvu. Njinga anatenganso. Thumba limene anasenzetsa amuna anga linali lolemera moti sakanatha kutembenuza khosi, ndiye podutsa pamene ndinaima anangolankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Mayi, mverani alamu."

Mudzi sunadikirenso. M'mawa mwake anthu anamanga akatundu. Palibe amene anandinenera mawu oipa, koma akazi amene amuna awo anatengedwa ankandilambalala, ndipo sindinawaimbe mlandu. Alongo anga anabwera kudzatenga ana ndi ine. Ana ndinawapereka. Ine ndinakana.

"Mlongo wanga, nawenso wayamba?" anatero.

Ndinawauza kuti onyamula katundu ena amawabweza akafika kumene akupita, ndipo amuna anga akabwera n'kupeza nyumba yotseka adzaganiza kuti tinawataya. Ndinati ndidikira pang'ono chabe. Alongo anga analankhula mpaka mawu anawauma, kenako anabereka wamng'ono n'kutsogoza enawo. Ndinatsala ndi nkhalamba zochepa zimene miyendo inakana ulendo.

Tsono mphekesera zinayamba kubwera, ndipo ulendo uno zinali za amuna anga. Munthu wodutsa anati wamva kuti kumsasa wa anthu a m'tchire kuli motorista wa ku Angoniya amene akuwakonzera thirakitala. Wina anati ayi, akuyendetsa shefe wawo wamkulu, ndipo wanenepa. Mayi wina wothawa kuchokera kumadzulo anati anaona mwamuna wamtali wa dazi akuwoloka kupita ku Zambia. Amuna anga anali amtali, dazi analibe, koma ndinati mwina layamba ndi mavuto. Ndinkatola nkhani iliyonse n'kuitembenuza uku ndi uku. Ndinkakangana ndi nkhalamba zija kuti munthu wa luso saphedwa, amasungidwa, ndipo ndinali ndi zifukwa zambiri zomveka bwino. Ine amene ndinkasinja ndi mkwiyo kuseri kwa kantina ndinadziwa tsopano chimene abambo aja ankadya pakhonde paja. Munthu ukasowa pogwira, ngakhale nkhani ya munthu wodutsa umaigwira ndi manja awiri.

Mvula inagwa. Maenje a pamsewu anadzaza madzi, achule n'kuswana momwemo. Ndinadzala kachimanga kumunda wobisika kuseri kwa phiri, ndikudya masamba ndi mbatata zotsalira m'nthaka. Nkhalamba ina inamwalira, tinaikwirira akazi okhaokha, mwamanyazi, dzenje losaya. Alongo anga ankatumiza mawu ndi aliyense wobwerera kudzaona minda, akuti ana akufunsa, wamng'ono akudwaladwala. Ndinkayankha kuti ndibwera chimanga chikacha. Ndinkawasowa ana anga mpaka kumva kuwawa m'mabere, komabe m'mawa uliwonse ndinkasesa pakhomo kuti wobwera aone kuti pali munthu.

Chimanga chitayamba kuuma, bambo wa njinga uja anatulukira. Sindinamuzindikire msanga. Anali mafupa okhaokha, mapazi atakulungidwa m'makungwa, ndipo ankayenda ndi ndodo ngati nkhalamba. Anali atathawa pa nthawi ya nkhondo ina n'kuyenda m'tchire mpaka kwawo, kumene anapeza mudzi uli bwinja. Ndinamuyalira mphasa, ndinamupatsa madzi. Anamwa pang'onopang'ono, maso ali m'chikho, ndipo mmene ankachedwera ndinadziwa kale.

"Amayi, bwanji muli kuno?" anafunsa.

"Ndikudikira anzanu. Akuti akuyendetsa shefe."

Anapukusa mutu. Anati kumeneko kulibe karo, kulibe thirakitala, kuli kuyenda basi. Anati amuna anga anali ndi mapazi a motorista, ofewa, osazolowera minga ndi miyala, ndipo nsapato anawalanda tsiku loyamba. Mapazi anatupa, kenako anaphulika. Mwezi umene anatengedwa usanathe anafika pa mtsinje wina waukulu, iwo n'kulephera kudzuka ndi thumba lawo. Anthu aja sankasiya munthu wamoyo m'mbuyo kuti angakaulule njira. Sananene zambiri kuposa apo, inenso sindinafunse. Ndinangofunsa ngati pamalopo pali mudzi woti munthu angakafunse manda, iye anati palibe.

Zonse zimene ndinkamva dzinja lonse, za thirakitala, za kunenepa, za ku Zambia, zinkanenedwa munthu atawola kale. Kenako bamboyo anayamba kulira, akuti nkhani ya timagalimoto anaimva kwa woyendetsa lole wina ku Kalomwe, ndipo mwina munthuyo ankanena za ku Malawi, mwinanso ankangocheza. Iye anaibweretsa chifukwa anthu ankamulandira bwino akabwera ndi nkhani. Ndinalibe mphamvu yomukalipira. Ndinamufunsa ngati amuna anga ankaikambabe karo ija m'njiramo.

"Ayi, sanaitchulenso," iye anatero. "Ankangondifunsa chinthu chimodzi, tikapuma paliponse. Amati, kodi mayi aja amvera alongo awo? Awoloka? Ine ndinkati awoloka, ndikuwadziwa, ndi anzeru, si ouma mutu ngati inu. Ndiye amati, basi, zili bwino. Ngakhale pa mtsinje paja anandifunsa, ndinawayankha chomwecho."

Ndinamuphikira phala la chimanga chatsopano, ndinamutsuka mapazi ndi madzi otentha. Atapezako mphamvu tinanyamuka limodzi ndi nkhalamba imodzi imene inavomera kuyesa, tikudzera m'mapiri kupewa msewu waukulu. Chimanga changa ndinachisiya chili chiimire m'munda.

Ku Dedza ndinafunsa m'misasa ya othawa nkhondo mpaka ndinapeza pamene mbumba yathu inamanga. Alongo anga anali panja akusoka thumba, ndipo atandiona anaimirira, thumba n'kugwa pansi. Ana anatuluka m'kanyumba ka udzu akuthamanga. Asanandikumbatire, onse anayamba ayang'ana kaye kumbuyo kwanga.